Mabuku a Malipiro ndi Penshoni m'Minda ya Fodya ku Kasungu

Penshoni imayamba ndi kulemba. Kuti munthu adzalandire kanthu atapuma pa ntchito, pamafunika wina amene kwa zaka zambiri wakhala akulemba dzina lake, tsiku limene analowa ntchito, malipiro ake a mwezi uliwonse ndi ndalama zimene wadulidwa, n'kumatumiza zonsezo kumene zimasungidwa. M'chidikha cha Kasungu, dera la dothi lamchenga limene layala kuchokera ku mtsinje wa Bua kukafika ku Dwangwa ndi kupitirira, ntchito yolembayi ndi yakale kuposa penshoni yeniyeniyo. Makalaliki a m'maesiteti akhala ndi mabuku kwa zaka zambirimbiri, koma ambiri mwa mabukuwo ankasunga zimene wantchito ayenera kupereka, monga msonkho, masiku ndi ngongole, osati zimene adzapatsidwe mphamvu zikadzatha. Lamulo lokakamiza olemba ntchito kulembetsa antchito awo ku penshoni linafika mu 2011, ndipo linapeza mabuku a fodya atazolowera kale njira zawo.

Kulemba koyamba kunabwera ndi msonkho. Angerezi atagonjetsa Mwase Kasungu kumapeto kwa 1895, anthu a m'derali analowa m'kaundula wa msonkho wa nyumba ngati anzawo a kummwera. Mu 1902 boma la atsamunda linalamula kuti mwamuna amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi azilipira theka la msonkho, masheleni 3 m'malo mwa 6. Umboni wake unali kapepala kosainidwa ndi bwana, ndipo kapepalako ndiko kanali lipoti loyamba la wolemba ntchito louza boma za wantchito wake. Cholinga chinali kukankhira anthu ku minda ya azungu, ndipo ndondomekoyi inathetsedwa mu 1921. Chimene chinakhalitsa ndi tikiti. Wantchito ankapatsidwa kakhadi ka mabokosi 30, kapitao n'kumachonga bokosi limodzi tsiku lililonse ntchito ikatha. Tsiku limene munthu wadwala, kapena limene sanamalize ndime yake, silinkachongedwa, choncho tikiti imodzi inkatenga masabata 5 kapena 6. Ikadzaza munthu ankalandira ndalama zake, tikitiyo n'kutha ntchito. Panalibe poonkhetsa matikiti a munthu mmodzi kuti zaka zake zidziwike.

Nthawi imeneyo Kasungu ankadziwika ndi kutumiza amuna kunja kuposa kulima fodya. Anyamata ankayenda wapansi kupita ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, ndipo mmodzi wa iwo anali Hastings Kamuzu Banda, amene anagwirapo ukalaliki pa mgodi wa Witwatersrand Deep. Patapita zaka maulendowa analowa m'manja mwa mabungwe olemba anthu, Wenela wa ku migodi ya ku South Africa ndi Mthandizi wa ku Rhodesia. Mabungwewa ndiwo anaonetsa anthu wamba koyamba kuti malipiro a munthu angathe kulembedwa kwina n'kukalandiridwa kwina. Wopita ku Wenela ankadindidwa zala, ankapatsidwa nambala, ndipo gawo la malipiro ake linkasungidwa kuti adzalandire atabwerera kumudzi. Mgodi unkatumiza mndandanda wa mayina ndi ndalama, ofesi ya kwawo n'kumulipira poyang'ana nambala ndi chala. Sinali penshoni, koma kayendedwe kake kanali komweko. Kufunika kwa timapepala timeneti kunadzaoneka mochedwa, pamene okalamba amene anagwira ku migodi kudzera ku Wenela ndi bungwe lolemba anthu la TEBA anayamba kulondola ndalama zawo zotsalira ku South Africa. Amene anasunga nambala yake ya ku mgodi anali ndi poyambira. Amene chitupa chake chinadyedwa ndi chiswe anavutika kutsimikiza kuti anapitako n'komwe.

Utenanti, umene fodya wa bale anadzadalira kwambiri ku Kasungu, unayambira ku Lilongwe. Mu 1920 A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace anatsegula minda ku Mbabzi, nayamba kugawira mabanja malo oti alimepo fodya amene pomaliza ankagulidwa ndi mwini munda. Njirayi inkakomera bwana, chifukwa tenanti sanali wantchito pamaso pa lamulo. Analibe malipiro a pamwezi, ndiye panalibenso malipiro oti alembedwe. Fodya yekha ndiye ankalondoledwa mosamala. Bungwe la Native Tobacco Board, lokhazikitsidwa mu 1926, linkalemba alimi m'kaundula, ndipo chiyambire 1938, pamene okushoni anatsegulidwa ku Limbe, belo lililonse lakhala likuyenda ndi tikiti yake yosonyeza nambala ya mlimi, kulemera kwake ndi mtengo umene lagulidwira. Mpaka lero belo lolowa pa msika wa Chinkhoma limadziwika kumene lachokera, ndipo pepala la malonda limaonetsa ndalama iliyonse yodulidwa, ya msonkho, ya msika, ya kafukufuku ndi ya mayendedwe. Dzina la amene anathyola, kusoka ndi kusankha masambawo silipezekapo.

Fodya wa m'maesiteti anakhazikika ku Kasungu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Cha m'ma 1950 bungwe la Colonial Development Corporation linayesa kulima fodya wa fuluu m'derali, ndipo pambuyo pake panadzabadwa Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, imene inkaphunzitsa ndi kukhazikitsa alimi achimalawi. Kukula kwenikweni kunabwera m'zaka za m'ma 1970. Lamulo la malo la 1965 linkalola kuti malo a mafumu asanduke a lizi, lamulo la mbewu zapadera linasungira maesiteti fodya wa bale ndi wa fuluu, ndipo mabanki ankakongoza ndalama nduna ndi akuluakulu a chipani ndi a boma kuti atsegule minda. Makampani a Pulezidenti Kamuzu, General Farming ndi Press Farming, anali ndi minda yambiri ku Kasungu, ndipo likulu la Press Agriculture linaikidwa komweko. Maesiteti m'dziko lonse anali pafupifupi 1,200 mu 1979, koma pofika 1989 anali atapitirira 14,000, ambiri mwa atsopanowo ang'onoang'ono, ndipo Kasungu anali mwa maboma amene anali nawo ochuluka koposa. Anthu ogwira ntchito sanasowe. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu anaimitsa ulendo wa ku migodi, ndipo ambiri mwa amuna amene anabwerera anakalowa m'minda. Malole ankakatenganso mabanja ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Machinga ndi Mangochi, kumene malo olima anali atachepa.

Pa esiteti yaikulu ya nthawi imeneyo panali mabuku atatu, ndipo ukalamba wa munthu unkadalira buku limene dzina lake lili. Loyamba linali la olandira pamwezi: manijala, makalaliki, makapitao, madalaivala a mathirakitala, amakaniko ndi alonda. Awa anali ndi mafayilo, tsiku lolowa ntchito linkadziwika, ndipo m'makampani akuluakulu ena mwa iwo, makamaka a maudindo apamwamba, ankalowetsedwa m'thumba la penshoni la kampani. Lachiwiri linali la olembedwa nyengo imodzi, amene ankachuluka m'minda ya fuluu nthawi yookera, yothyola ndi yowotcha m'mabalani. Mbandakucha kapitao ankaitana mayina pabwalo, kalaliki n'kumachonga amene wayankha. Tsiku la malipiro anthu ankafola pa windo la ofesi, ndalama zili mu envulopu, wosadziwa kulemba n'kudinda chala pafupi ndi dzina lake. Fodya akatha kupita ku okushoni ambiri ankauzidwa kuti adzabwerenso mvula ikayandikira, ndipo akabwera ankalembedwa ngati atsopano, mwina pa dzina la bambo chaka chino, pa mfunda chaka chamawa.

Buku lachitatu, la matenanti, linali la ngongole. Tsamba lililonse linali ndi dzina la mwamuna, mwini banja, ndipo m'munsi mwake munkatsika mzere wa zimene watenga: ndowa za chimanga cha phoso, mchere, makasu, feteleza, mankhwala a ku nazale, mapepala a pulasitiki ofolera chigafa, nthawi zina ngakhale mtengo wa lole imene inamubweretsa. Mkazi ndi ana, amene ankathirira nazale, kupalira, kusoka ndi kupachika fodya m'chigafa, sankalembedwa paliponse. Pakutha pa nyengo bwana kapena kalaliki wake ankaika fodyayo magiredi, kumuyeza pa sikelo, kumugula pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa ku okushoni, n'kuchotsera zonse za m'bukumo. Chotsala ndicho chinali malipiro a banja lonse a miyezi 9 kapena 10. Chaka cha mvula yoipa chotsalacho chinkasowa, ngongole n'kusamukira pa tsamba la chaka chotsatira. Bukulo linali m'manja mwa mwini munda yekha, ndipo panalibe ofesi ya boma imene inkalandira kope lake. Munthu ankatha kulima fodya zaka 20 m'maesiteti a ku Santhe, Chamama kapena Chulu, n'kubwerera kwawo wopanda pepala ndi limodzi lomwe losonyeza kuti anagwirapo ntchito.

Kunalibenso kumene mabukuwo akanatumizidwa. Mayiko oyandikana ndi Malawi anakhazikitsa matumba a dziko lonse, Tanzania mu 1964, Zambia mu 1966, Mozambique mu 1989, ndipo ku Zimbabwe penshoni ya bungwe la NSSA inayamba mu 1994. Ku Zambia thumba lakalelo linalowedwa m'malo ndi NAPSA mu 2000, kotero kuti mwini famu ya fodya ku Lundazi kapena ku Chipata, kungodumpha malire, amayenera kulembetsa antchito ake ku bungwe limodzi la boma ndi kutumizako mwezi uliwonse mndandanda pamodzi ndi 5 peresenti ya wantchito ndi 5 peresenti yake. Malawi sanakhazikitse thumba lotere. Chuma cha nthawi ya Kamuzu chinkadalira ntchito yotsika mtengo, ndipo anthu ankangoganiza kuti wokalamba adzabwerera kumudzi kumene kuli munda ndi abale, chinthu chimene sichinali choona kwa banja lochoka ku Thyolo chifukwa chosowa malo. Penshoni ya boma inali ya ogwira ntchito m'boma okha, yochokera ku thumba la misonkho, ndipo inkadalira fayilo ya munthu. Mphunzitsi wopuma ankayenda maulendo a ku Lilongwe kulondola kalata yake yolembedwera ntchito. Makampani anali omasuka kukhala ndi penshoni kapena kusakhala nayo, ndipo ofuna ankapita ku makampani a inshuwalansi monga Old Mutual ndi NICO.

Lipoti limene esiteti inkatumiza ku boma mwezi ndi mwezi linali la msonkho wodulidwa pa malipiro. Lero limapita ku Malawi Revenue Authority, imene inayamba ntchito mu 2000, pa fomu ya P12, ndipo pakutha pa chaka wantchito amayenera kupatsidwa P9 yosonyeza zonse zimene walandira ndi zimene wadulidwa. Koma malipiro a m'munda ankakhala pansi pa mlingo woyambira msonkho, choncho wothyola fodya sankaoneka ngakhale m'mabuku amenewo.

Zinthu zinayamba kusuntha m'zaka za m'ma 1990. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, ndipo maesiteti ambiri, atataya mwayi wawo wakale, anayamba kufooka. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994 mabungwe a antchito anapeza mpata, matenanti anakhala ndi bungwe lawo, ndipo mu 1995 panalembedwa bilu yowateteza, imene sinasanduke lamulo ngakhale inakambidwa kwa zaka zoposa 20. Lamulo la ntchito la 2000 ndilo linakakamiza kulemba pakati pa bwana ndi wantchito: kalata yofotokoza mfundo za ntchito, pepala la malipiro losonyeza zodulidwa, ndi mphamvu za ofisala wa leba zoona mabuku. Linanenanso kuti munthu akalembedwa nyengo zotsatizana pa malo amodzi, miyezi yonse imene wagwira iziphatikizidwa ngati ntchito yosadukiza. Mfundo imeneyi ikanathandiza anthu ambiri a m'minda ya fuluu, koma imagwira pokhapokha mabuku a zaka zam'mbuyo atasungidwa ndipo dzina lili limodzimodzi. Njala ya 2001 ndi 2002, imene inasautsa Kasungu kuposa maboma ambiri, inaonetsa poyera kuipa kwa kusalembedwa. Eni minda atalephera kugula chimanga cha phoso anabalalitsa matenanti, ndipo mabanjawo anali alendo m'midzi yozungulira, opanda munda, opanda kalata ya bwana, opanda kalikonse kosungidwa m'dzina lawo.

Lamulo lomwelo la 2000 linalamulanso za ndalama yopatsidwa munthu ntchito ikatha, yowerengedwa potengera zaka zimene wagwira. Makhoti anagamula kuti iziperekedwa ngakhale kwa amene ali pa penshoni, ndipo olemba ntchito anadandaula kuti akulipira kawiri. Mkangano umenewu ndiwo unafulumizitsa kusintha kwa lamulo la ntchito mu 2010 ndi kubwera kwa lamulo la penshoni.

Lamulo la penshonilo linayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2011, nthawi ya Bingu wa Mutharika. Linati wolemba ntchito alowetse antchito ake m'thumba la penshoni lovomerezeka, iye azisonkha 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, ndipo awagulirenso inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Woyang'anira zonse ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi gavanala wa banki yaikulu ya Reserve. Mosiyana ndi ku Zambia, ndalama sizipita ku bungwe limodzi la boma. Zimapita ku matumba oyendetsedwa ndi makampani monga Old Mutual, NICO ndi NBM Pensions, ndipo wantchito aliyense amakhala ndi akaunti yakeyake imene imamutsata akasintha ntchito. Chifukwa cha makonzedwe amenewa kulemba kunakhala kofunika kuposa kale lonse, popeza m'thumba lotere munthu amalandira zokhazo zimene zinalowa m'dzina lake pamodzi ndi phindu lake.

Ntchito ya kalaliki imayenda motere. Munthu akangolembedwa amadzaza fomu ya umembala ya dzina lonse, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso, tsiku loyamba ntchito ndi malipiro, ndipo kampani yosunga penshoni imamupatsa nambala. Amadzazanso fomu ya anthu odzalandira ndalamazo iye atamwalira, ndi gawo la aliyense. Fomu imeneyi ndi yofunika kwambiri m'dera la Achewa, kumene abale a kuchikazi amakhala ndi chonena pa chuma cha malemu. Mayina olembedwa pamenepo ndiwo amatsogolera osunga thumba, ndipo pepalalo likhoza kuteteza mkazi ndi ana amasiye tsiku la mkangano. Mwezi ukatha kalaliki amakonza mndandanda, kale papepala, masiku ano pa kompyuta, mzere umodzi munthu mmodzi: nambala, dzina, malipiro, gawo la wantchito, gawo la bwana. Mlonda wolandira K100,000 amadulidwa K5,000, esiteti n'kuonjezerapo K10,000, ndipo K15,000 yonseyo iyenera kufika ku thumba pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Ndalama imadzera ku banki, mndandanda n'kutumizidwa pa imelo kapena pa intaneti, ndipo ziwirizi ziyenera kufanana mpaka pa tambala. Olowa kumene, osiya ntchito, omwalira ndi okwezeredwa malipiro amanenedwanso. Ndalama ikafika yopanda mndandanda, kapena ya dzina losagwirizana ndi la m'kaundula, imakhala pambali osalowa m'akaunti ya munthu aliyense mpaka wina ailondole.

Lamulolo linabwezanso olemba ntchito ku mabuku akale. Ndalama ya zaka zimene munthu anagwira 2011 isanafike inayenera kuwerengedwa ndi kusamutsidwira ku penshoni m'zaka 8. Pa maesiteti amene anasinthana eni, kapena amene mafayilo ake anavunda m'nyumba zodontha, tsiku lolowa ntchito linkachita kukumbukiridwa, wina n'kumati anabwera chaka cha referendamu, wina chaka cha njala. Tsiku lobadwa nalo linali lovuta chimodzimodzi, chikhalirecho ndilo limanena nthawi imene munthu angatenge ndalama zake, popeza msinkhu wotsikitsitsa wopumira unaikidwa pa zaka 50. Vutoli linachepa mu 2017, pamene National Registration Bureau inalemba Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 ndi kupitirira n'kuwapatsa chiphaso cha unzika. Kuchokera pamenepo munthu ali ndi dzina limodzi, tsiku lobadwa limodzi ndi nambala imodzi, kaya akugwira ku Wimbe kaya ku Kaluluma.

Chachikulu kwa Kasungu chinali mndandanda wa amene lamulo linawasiya kunja. Chikalata cha nduna chimene chinatsagana ndi lamulo la 2011 chinapatula antchito a m'nyumba, alendo a ziphaso zogwirira ntchito kwa kanthawi, aphungu a nyumba ya malamulo, olembedwa nyengo imodzi ndi matenanti. Magulu awiri omalizawa ndiwo ambiri mwa anthu amene amagwira fodya ndi manja. Choncho esiteti yodzaza anthu nthawi yothyola inkatha kutumiza mndandanda wa mayina ochepa chabe, a ku ofesi, ku galaja ndi pa geti. Opatulidwa amene ali pa malipiro anapatsidwa njira ina, ya 5 peresenti ya malipiro a mwezi uliwonse umene agwira, yolandira ntchito ikatha. Imeneyi sipita ku thumba lililonse, sinenedwa ku ofesi iliyonse, ndipo kawirikawiri imathera pa ulendo wobwerera kumudzi. Zifukwa zopatulira zinalipo. Kusunga akaunti ya munthu wogwira miyezi 5 pa malipiro ochepa kumadya ndalama, eni minda ankati phindu la fodya latsika, ndipo antchito eniake, pokhala ndi njala lero, ankakonda kulandira zonse pamanja, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Komabe zotsatira zake n'zakuti malire akale a mabuku atatu aja analowa m'lamulo latsopano osasintha.

Ngakhale kwa olembedwa panatuluka vuto lina, la kudula osatumiza. Pepala la malipiro limasonyeza kuti 5 peresenti yachotsedwa, koma ku thumba sikunafike kanthu. Banki ya Reserve yakhala ikulengeza kuti ngongole zotere m'dziko lonse zafika mabiliyoni ambiri a kwacha, ndipo yasindikizapo m'nyuzipepala mayina a olemba ntchito osatumiza. Ulimi wa fodya uli ndi chiyeso chakechake, chifukwa ndalama imalowa msika ukatsegulidwa, kuyambira cha mu Epulo mpaka Ogasiti kapena Seputembala, pamene ntchito yambiri imagwiridwa m'dzinja, nthawi imene mwini munda akuyendera ngongole. Koma gawo lodulidwalo ndi la wantchito kale, ndipo kuguliramo feteleza n'kudya za eni. Chomuteteza wantchito ndi sitetimenti imene thumba limapereka chaka ndi chaka. Munthu woiyerekeza ndi mapepala ake a malipiro amaona msanga mwezi umene unadumphidwa, n'kukadandaula nthawi isanathe.

Ogwira ntchito m'boma, aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi, analowa m'njira yofananayo mu Julayi 2017, pamene Public Service Pension Trust Fund inakhazikitsidwira amene anali ndi zaka 35 kapena kucheperapo. Kwa iwo boma lenilenilo ndilo wolemba ntchito woyenera kutumiza mndandanda ndi ndalama mwezi uliwonse. Achikulirepo anatsala pa penshoni yakale.

Kulemba kunafika m'zigafa za matenanti kudzera ku msika. Kuyambira mu 2012 fodya wambiri amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani ogula, ndipo alangizi a makampaniwo amayendera minda ndi timakina ta m'manja, kulemba kukula kwa munda, anthu okhalapo, ana ndi zaka zawo, ndi kufunsa ngati antchito ali ndi kalata ya mgwirizano. Pa 1 Novembala 2019 boma la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana, ndipo makampani a Alliance One ndi Limbe Leaf anachotsedwa pa chiletsocho mu 2020 ataonetsa momwe amalondolera alimi awo. Mu 2021 nyumba ya malamulo inasintha lamulo la ntchito ndi kuthetsa utenanti. Malinga ndi lamulo, amene anali tenanti tsopano ndi wantchito woyenera malipiro osachepera mlingo wa boma, ndipo buku lake liyenera kukhala la malipiro, osatinso la ngongole. Koma m'minda yambiri ing'onoing'ono, kumene mwini munda nayenso alibe ndalama mpaka atagulitsa mabelo, makonzedwe akale akupitirirabe.

Lamulo latsopano la penshoni, loyamba pa 1 Epulo 2023, linasunga 10 ndi 5 peresenti, linakhwimitsa zilango za osatumiza, linachepetsa nthawi yodikira munthu ntchito ikamuthera kuchoka pa miyezi 6 kufika pa 3, ndipo linakweza ndalama yotenga nthawi imodzi popuma kuchoka pa 40 kufika pa 50 peresenti. Linaperekanso mpata woti munthu wodziyimira payekha, monga mlimi wa fodya wa m'kalabu, azisunga mwa kufuna kwake. Zambiri mwa izi zimathandiza amene ali kale ndi nambala. Wokalamba amene anathera mphamvu zake m'zigafa za m'ma 1980 alibe akaunti, ndipo chimene angayembekezere ndi ana ake kapena Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama limene linayesedwa koyamba ku Mchinji mu 2006 ndipo limasankha mabanja osaukitsitsa okha.

Zipangizo zolembera wantchito wa nyengo imodzi zilipo kale. Tobacco Commission imalembetsa mlimi aliyense chaka ndi chaka isanamupatse chilolezo ndi makilogalamu oti agulitse. Makampani ogula amadziwa anthu a pa minda ya alimi awo. Wantchito ali ndi chiphaso cha unzika, ambiri ali ndi Airtel Money kapena Mpamba, ndipo pa msika ndalama zosiyanasiyana zimadulidwa kale pa belo mlimi asanalandire zake. Njira yomweyo ikhoza kunyamula gawo la penshoni la anthu amene anagwira fodyayo, m'dzina ndi nambala ya aliyense, pa nthawi imene ndalama ilipo. Chosowa ndi lamulo lokakamiza zimenezi, ndi maofisala a leba okwanira kuyendera minda kukaona mabuku. Mpaka zimenezo zitachitika, mndandanda wa penshoni wochokera m'maesiteti a ku Kasungu ukhalabe wa anthu a pamwezi okha, amene ndi ochepa mwa onse ogwira fodya m'bomali.